Kunsi kwa Phazi la Msilikali wa Mtovu

Pali anthu ena akuluakulu, ambiri a iwo aimvi kale, amene amathera madzulo awo atawerama pa tebulo, akupukuta fumbi pa tiasilikali ta zidole totalika ngati chala, n'kumatindandalika m'mizere. Ife tili m'gulu la anthu amenewa, ndipo kusekedwa tidakuzolowera. Alendo akalowa m'nyumba naona kabati yathu yagalasi amayamba afunsa ngati zidolezo ndi za adzukulu. Tikawayankha kuti ndi zathu, amatiyang'ana monga momwe mudzi ungayang'anire nkhalamba yopezeka kudambo ikusewera ndi ana oweta mbuzi. Sitiwaimba mlandu ayi. Komatu pali funso lina lolemera koposa kuseka, limene anthu oganiza bwino amatifunsa mosapsatira mawu: kodi munthu wokonda mtendere angasunge bwanji nkhondo m'chipinda chochezera? Funso limeneli ndi limene tafuna kuti tilingalire pamodzi, awerengi okondedwa.

Tiyambe tafotokoza chimene timasonkhanitsa. Aliyense wa ife adaonapo khola la Khirisimasi m'tchalitchi: kaphiri ka mapepala, udzu wouma, abusa ndi nkhosa zawo, zonse zitaikidwa mwaluso kuti diso lione nkhani yathunthu pa kamalo kochepa. Chionetsero cha mtundu umenewu Azungu amachitcha diorama. Tsono zilipo zina zoonetsa za usilikali, zokhala ndi mahema, milatho, mizinga, akavalo ndi magulu a nkhondo, zonse m'bokosi limodzi. Zina zidatuluka m'mafakitale a ku Ulaya zaka zoposa zana zapitazo, zina zidamangidwa ndi anthu paokha m'makomo mwawo. Wosonkhanitsa wozolowera akalandira chidole chakale sathamangira kuyang'ana nkhope kapena mfuti yake. Amayamba wachiyesa kulemera pachikhatho, kenaka amachitembenuza chadodolido kuti aone kunsi kwa phazi, pakuti kumeneko ndiko kumayambira njira yopita kwa munthu amene adachipanga. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchito imeneyi siifuna waphuma.

Chidole chikakhala chopyapyala ngati ndalama yachitsulo, chooneka bwino mbali ziwiri zokha, timadziwa kuti kwawo n'ku Germany, ndipo kawirikawiri ku mzinda wa Nuremberg. Mmisiri wa kumeneko ankatenga miyala iwiri ya sileti, mtundu womwe uja ana a sukulu akale ankalembapo, n'kugoba pa mwala umodzi mbali ya kumanja ya msilikali, ndi pa unzakewo mbali ya kumanzere. Akaiphatikiza miyalayo inkasanduka chikombole, ndipo ankathiramo chitsulo chofewa cha tini chosakaniza ndi mtovu. Ernst Heinrichsen, amene adayamba ntchito yake mumzindawo m'chaka cha 1839, ndiye adatchukitsa msinkhu wa mamilimita pafupifupi 30, umene amisiri ena ambiri adautsatira kuti asilikali a m'nyumba zosiyana azitha kuima pa bwalo limodzi. Zidolezi ankaziika m'timabokosi tozungulira ta matabwa opyapyala, ndipo ankazigulitsa poyesa kulemera kwake, monga momwe timagulira mchere pa sikelo. Pa kachitsulo koimirapo nthawi zina pamapezeka zilembo ziwiri kapena zitatu za dzina la wogoba. Zilembo zimenezo ndizo zokha zimene zidatsala za munthu amene adathera moyo wake akusema nkhope zochepa ngati njere ya mapira.

Chidole chikakhala chathunthu, cholemera ndi chosagoba m'kati, maganizo athu amapita ku Paris, kwa amisiri a Lucotte ndi Mignot, kapena ku Dresden, kumene Georg Heyde adakhazikitsa fakitale yake m'chaka cha 1872. Asilikali a Heyde ali ndi mitu yochita kulumikiza pakhosi ndi kamsomali, ndipo chitsulo chawo n'chofewa kotero kuti amisiri ankatha kupinda mikono ndi miyendo momwe afunira. Chifukwa cha ichi mabokosi a Heyde adali ndi moyo kuposa ena onse. Mudali asilikali ophika, ochapa zovala, omwetsa akavalo, ogona pansi pa mtengo, ngakhale onyamula mnzawo wovulala pamachira. Koma tikatembenuza chidole cha Heyde, kunsi kwa phazi nthawi zambiri sitipezako dzina. Chizindikiro chidali pa bokosi, ndipo mabokosi ndiwo amayamba kutayika. Kumene tikadapita kukafunsa kulibenso, pakuti mu February 1945 ndege za nkhondo za Britain ndi America zidaphulitsa mzinda wa Dresden, anthu pafupifupi 25,000 adafa, ndipo fakitale ya Heyde idapsa pamodzi ndi mzindawo. Nyumba imene idapanga nkhondo zoseweretsa kwa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri idamezedwa ndi nkhondo yeniyeni m'masiku owerengeka. Lero wofuna kutsimikiza kuti chidole chake n'cha Heyde amachita kuyerekeza ndi timabuku takale ta mitengo ya malonda timene tidapulumuka m'maiko ena, ndiponso kufunsana ndi anzake, poti mutu umodzi susenza denga.

Tsono pali chidole china chimene chimadabwitsa dzanja: maso amati n'cholemera, koma chikhatho chimati n'chopepuka. Tikachiyang'anitsitsa timapeza kabowo kakang'ono, kawirikawiri pamwamba pa mutu. Kabowo kameneka ndi chizindikiro cha njira imene banja la William Britain la ku London lidayamba kugwiritsa ntchito m'chaka cha 1893. Mmisiri ankagwira chikombole chachitsulo chokhala ndi zigwiriro ziwiri, n'kuthiramo mtovu wosungunuka ndi chipande, ndipo mosataya nthawi ankachipendeketsa kuti mtovu wa pakati, umene udali usanaume, utuluke. Chotsala chidali chikhungwa chokha, msilikali wamphako ngati chikho. Mtovu umene ukadapanga chidole chimodzi tsopano unkapanga zingapo, mtengo udatsika, ndipo amalonda a ku Germany, amene adali atagwira msika wa ku England kwa nthawi yaitali, adayamba kuchepa mphamvu. Msinkhu wa asilikali a Britain udali mamilimita 54, ndipo bokosi loyamba lidali la apakavalo olondera mfumu otchedwa Life Guards.

Malonda akakoma, akuba luso sachedwa kufika. Anthu ena a ku London komweko adayamba kugula asilikali a Britain n'kumaumbirapo zikombole zawo. Pofuna kudziteteza, kuyambira m'chaka cha 1900 kampaniyo idayamba kulemba dzina la William Britain wamng'ono ndi tsiku kunsi kwa phazi la chidole chilichonse, poyamba pa kapepala komata, kenaka pa chitsulo penipeni. Idachita izi chifukwa lamulo lakale la 1814 loteteza ziboliboli linkafuna kuti dzina la mwini ndi tsiku zilembedwe pa chosemacho. M'chaka cha 1902 idasumira kampani ya Hanks Brothers, ndipo bwalo la milandu lidagamula kuti kamsilikali ka mtovu nako n'chosema choyenera kutetezedwa ndi lamulo. Mkangano wa amalondawo udatisiyira ife mphatso, chifukwa masiku olembedwawo ndiwo amatitsogolera lero. Komabe wosonkhanitsa asamale: tsikulo limanena za nthawi imene chifanizo choyamba chidasemedwa, pamene chikombole chimodzi chinkatha kugwira ntchito zaka zambiri. Kuti tidziwe msinkhu weniweni wa chidole timaonanso zina. Choimirapo cha m'zaka zoyambirira chidali chozungulira, cha pambuyo pake cha makona anayi. Ndevu za pamlomo zopentedwa zimapezeka pa akale, pa atsopano palibe. Ndipo pa zivindikiro zambiri za mabokosi ofiira a pakati pa 1908 ndi 1930 pali dzina la wojambula, Fred Whisstock.

Koma dzina la kunsi kwa phazi ndi la mwini fakitale. Manja amene adagwira chidolecho adali ena. Adali a amuna oima tsiku lonse pafupi ndi mphika wa mtovu wowira, ndiponso a openta, ambiri a iwo amayi ndi atsikana, ena m'fakitale, ena m'makomo mwawo, akulipidwa molingana ndi kuchuluka kwa zidole zimene amaliza. Tikandandalika asilikali asanu ndi atatu a m'bokosi limodzi pansi pa galasi lokuzira zinthu, timaona kuti sali ofanana monga momwe amaonekera patali. Wina diso lake lidakwera pang'ono, wina lamba wake adapendekeka, wina batani limodzi lidalumphidwa. Ife timakonda zolakwika zimenezi koposa zonse, chifukwa ndi pomwe munthu amaonekera. Mwina dzanjalo lidali litatopa, mwina kunja kudali kukuda, mwina mwana adalira kuchipinda. Mayi ameneyo sadapite ku nkhondo iliyonse, ndipo ankapenta magulu a nkhondo kuti ana ake adye. Mtovu umene iye ndi anzake ankaugwira tsiku ndi tsiku ndi chiphe m'thupi la munthu, makamaka la mwana, ndipo m'chaka cha 1966 kampani ya Britains idaleka kupanga zoseweretsa za mtovu, itayamba kale kudalira pulasitiki.

Mtundu wachinayi ndi umene umatilemera mumtima. Zidole zake n'zazikulupo, za masentimita 7 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo sizachitsulo. Adazipanga ndi utuchi, guluu ndi dothi loyera, zonse zitakandidwa pamodzi n'kumatidwa pa mafupa a waya, kenaka n'kuwotchedwa m'chikombole. Chinyezi chikalowa, wayayo amachita dzimbiri ndipo chidole chimang'aluka kuchokera m'kati. Kunsi kwa phazi timawerengako Elastolin, dzina la malonda la abale awiri, Otto ndi Max Hausser, amene adayamba ntchito ku Ludwigsburg m'chaka cha 1904, kapena Lineol, fakitale ya Oskar Wiederholz ya ku Brandenburg ya m'chaka cha 1906. Choimirapo cha Elastolin chimakhala chozungulira ngati dzira, cha Lineol cha makona anayi. Max Hausser mwini wake adafera ku nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Mafakitale awiriwa ankapanganso ng'ombe, mikango, njovu, ndiponso abusa ndi anzeru a kum'mawa a m'makhola a Khirisimasi. Koma chipani cha Nazi chitatenga boma m'chaka cha 1933, m'zikombole za nyumba zomwezo mudayamba kutuluka asilikali a chipanicho ndi mbendera zawo, ngakhalenso Adolf Hitler amene, wokhala ndi mkono wamanja wotheka kuukweza kuti mwana azimuperekera sawatcha ya chipani.

Anyamata amene adalandira zidole zimenezi ali ndi zaka khumi m'chaka cha 1935 adali a msinkhu wogwira mfuti nkhondo isanathe. Sitikunena kuti chidole ndicho chidawatumiza ku imfa. Adawatumiza ndi anthu. Koma chidole chidathandiza kuti yunifolomu ioneke yokongola m'maso mwa mwana asanadziwe chimene chili kuseri kwake. Utuchi womwewo ndi dzanja lomwelo zidapanga mbusa wogwada ndi wolamulira wankhanza, malinga ndi zimene msika unkafuna chaka chimenecho. Nkhondo itatha m'chaka cha 1945, a Hausser adatembenukira ku zidole za oweta ng'ombe a ku America ndi ankhondo a makedzana, mpaka kampaniyo idagwa m'chaka cha 1983. Amene amafufuza za wopanga amakumana ndi zonsezi, afune asafune, ndipo sangathenso kuyang'ana kabati yake ndi maso a mwana.

Nkhani yoti zidole zimaumba mtima wa mwana si yachilendo. Winston Churchill adalemba m'buku la moyo wake la 1930 kuti ali mnyamata adali ndi asilikali a zidole pafupifupi 1,500, ndipo kuti bambo ake atawaona atandandalikidwa bwino adamufunsa ngati angakonde kulowa usilikali. Iye adavomera, ndipo njira ya moyo wake idayambira pomwepo. Mlembi wina wotchuka, H. G. Wells, adaganiza mosiyana. M'chaka cha 1913 adatulutsa kabuku kotchedwa Little Wars, ka malamulo a masewera a nkhondo ochitikira pansi m'nyumba, ndi timizinga ta sipuling'i toponya timitengo. Iye ankakhulupirira kuti munthu akasewera nkhondo yaing'ono kangapo adzazindikira kupusa kwa nkhondo yaikulu, ndipo kuti atsogoleri okonda nkhondo kukadakhala bwino kuwatsekera m'chipinda ndi zidole zawo. Patangopita chaka chimodzi, nkhondo yaikulu idabuka, ndipo anyamata ambiri amene adakula ndi mabokosi ofiira aja sadabwerere kwawo.

Makolo ofedwa sadafunenso kugulira ana otsala mfuti ndi mizinga. Amalonda adaona kuti mphepo yatembenuka, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920 kampani ya Britains idayamba kugulitsa zidole za pamunda: mlimi ndi mkazi wake, wokama mkaka, nkhosa, nkhumba, atsekwe, ndi akavalo okoka pulawo m'malo mwa mzinga. Mphika wa mtovu udali womwewo, amisiri adali omwewo. Chidasintha ndi mtima wa ogula. Tikaona mlimi wa mtovu ataima pafupi ndi msilikali wa mtovu m'kabati yathu, timakumbukira kuti fakitale imapanga chimene makolo avomera kulipira, ndipo kuti udindo wa zimene zili m'manja mwa mwana umayambira pa chikwama cha bambo ndi mayi.

Tibwere tsopano ku diorama imene. Vuto lake lalikulu n'lakuti imaimitsa nthawi. Mkuwa wa malipenga ukunyezimira, akavalo adzutsa miyendo, mbendera zili petupetu, ndipo palibe amene adzagwe, ngakhale patapita zaka zana. Mulibe fungo, mulibe kulira, mulibe mkazi wamasiye. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndiponso aliyense womanga diorama amasankha woti aimemo ndi woti asiyidwe kunja, ndipo kusankha kumeneko kukhoza kukhala umboni woona kapena wonama.

Nkhani ya William Siborne imaonetsa bwino zimenezi. Iye adali msilikali wa Britain wodziwa kuyeza malo, ndipo m'chaka cha 1830 adapatsidwa ntchito yomanga chifanizo cha nkhondo ya ku Waterloo, imene idamenyedwa pa 18 June 1815, pomwe Napoleon adagonjetsedwa kotheratu. Siborne adakhala miyezi isanu ndi itatu pa malo a nkhondowo akuyeza munda uliwonse ndi kamtunda kalikonse. Adalembera makalata akuluakulu a asilikali amene adapulumuka, nawafunsa kumene gulu lililonse lidaima cha m'ma 7 koloko madzulo a tsikulo, ndipo adalandira mayankho pafupifupi 700. Boma lidasiya kumuthandiza ndi ndalama ntchito ili pakati, koma iye adapitiriza ndi ngongole. Chifanizocho chidaonetsedwa ku London m'chaka cha 1838, chili ndi tiasilikali toposa 70,000.

Mavuto adabuka chifukwa Siborne adaikamo zimene adapeza. Kafukufuku wake adaonetsa kuti pa ola limenelo asilikali ambirimbiri a ku Prussia, otsogozedwa ndi Blücher, adali atafika kale ndipo adali kumenya nkhondo yoopsa kumbali ya gulu la Napoleon. Mtsogoleri wa Angerezi, Wellington, ndi anthu omuzungulira sadakondwere ndi chithunzi chogawa ulemu wa chipambano, ndipo adati chifanizocho chidalakwika. Siborne, ngongole zitamufika m'khosi, adachotsamo ambiri mwa asilikali a ku Prussia aja poyembekezera kuti akuluakulu amukomera mtima. Chithandizo chimene ankachifuna sichidabwere, ndipo adamwalira m'chaka cha 1849. Chifanizo chake chikusungidwa ku National Army Museum ku London. Kwa ife osonkhanitsa, malo opanda kanthu a pa bwalo limenelo amaphunzitsa zambiri kuposa malo odzaza. Munthu woona mtima adakakamizidwa ndi umphawi kuzula mboni zake ndi dzanja lake lomwe.

Zilipo zionetsero zina zimene sizibisa nkhope ya nkhondo. M'linga lakale la Plassenburg, pamwamba pa mzinda wa Kulmbach ku Germany, muli nyumba yosungiramo zidole zopyapyala zija zoposa 300,000. Diorama yaikulu koposa zonse mmenemo ili ndi zidole 19,385, ndipo siionetsa chipambano cha mfumu iliyonse. Imaonetsa tsiku la 26 November 1553, pamene adani adalowa mu Kulmbach momwemo, nauwononga mzindawo. Anthu a kumeneko adasankha kusunga m'galasi tsiku loipa koposa m'mbiri ya mudzi wawo, kuti mwana wobwera kudzaona zidole atuluke akudziwa kuti nkhondo siimanga mudzi.

Mwina wina afunsa kuti zonsezi zikutikhudza bwanji ife a kuno kwathu. Pa mabokosi onse a Britains, limene timalisamala koposa ndi la nambala 225, limene lidayamba kugulitsidwa m'zaka za m'ma 1920. Pa chivindikiro chake padalembedwa kuti King's African Rifles, gulu lomwe lija agogo athu ankalitcha Keyala. Gululi lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1902, ndipo mabataliyoni ake awiri oyambirira adali a ku Nyasaland. M'bokosimo muli asilikali akuda oguba mfuti zili paphewa, atavala makabudula a khaki ndi zipewa zazitali zofiira zonga kofia. Wodziwa mbiri amamwetulira pang'ono, chifukwa zipewa za asilikali a ku Nyasaland zidali zakuda. Zofiira zidali za magulu ena a Keyala. Mayi wopenta wa ku London sakadadziwa zimenezo. Iye adali asanaonepo Zomba, monganso amuna amene ankawapentawo adali asanaonepo London, ngakhale kuti onse ankatumikira ufumu umodzi, aliyense pa malipiro ake ochepa.

Koma chosoweka chachikulu m'bokosi limeneli si mtundu wa chipewa. Nkhondo yoyamba ija, imene kuno idatchedwa ya Chiwaya, idafika pa nthaka yathu ku Karonga mu September 1914, ndipo idapitirira zaka zinayi m'nkhalango za kum'mawa kwa Africa. Olemba mbiri amawerengera kuti dziko lathu, la anthu pafupifupi miliyoni imodzi pa nthawiyo, lidapereka asilikali pafupifupi 19,000, koma amtengatenga pafupifupi 200,000. Amenewa ndiwo ankasenza ufa, zipolopolo ndi mahema pamutu, opanda nsapato, m'mvula ndi m'dzuwa, ambiri atachita kugwidwa m'midzi mokakamiza. Ochuluka adafera m'njira ndi njala, kamwazi ndi kutopa. Pa msilikali mmodzi aliyense padali onyamula katundu khumi. Nsanja ya chikumbutso ya Keyala ku Zomba ili ndi maina a asilikali amene adafa, koma mtengatenga adalowa m'manda a m'mbali mwa njira popanda lipenga. M'mabokosi onse amene tagwirapo tapezamo oimba ng'oma, ophika, madokotala a nkhondo, ngamila ndi abulu onyamula katundu, koma mtengatenga wa ku Nyasaland sitinamupezemo.

Choncho pomanga diorama yathu ya Keyala tidachita chinthu chimene osonkhanitsa ena amachiona ngati kuipitsa katundu wamtengo. Tidatenga waya ndi dothi la kudambo, n'kuumba amtengatenga, aliyense ndi mtolo wake pamutu, mmodzi atakhala pansi m'mbali mwa njira atalephera kupitirira. Pa asilikali asanu ndi atatu a mtovu padafunika anthu a dothi 80 kuti chiwerengero chikhale choona, ndipo ntchitoyo idatitengera nyengo yonse ya mvula. Ndi osaoneka bwino poyerekeza ndi a ku London. Mitu ina idakula, miyendo ina idafupika. Koma mzere wawo ndi wautali kotero kuti udadzaza shelefu yonse, ndipo asilikali onyezimira aja akuoneka ochepa kutsogolo kwake, monga momwe zidaliri. Siborne adachotsa mboni chifukwa cha ngongole. Ife amene palibe akutikakamiza tikhala ndi chowiringula chotani tikazisiya kunja?

Zinthu zimenezi sizidzakhala mpaka muyaya. Mtovu uli ndi matenda ake: ukasungidwa pa chinyezi, kapena m'kabati ya matabwa otulutsa nthunzi yowawasa, umayamba kutuwa ndi kuyoyoka ngati phulusa, ndipo mbali imene yadyeka siibwereranso. Timasunga zidole pouma, podutsa mpweya, tikazigwira timasamba m'manja, ndipo mwana wamng'ono sitimulola kuzikhudza, kuopa kuti angaziike m'kamwa. Nazonso nkhokwe zikuluzikulu zimabalalika. Malcolm Forbes, mpondamatiki wa ku America, adasonkhanitsa asilikali a zidole oposa 100,000 m'nyumba yachifumu ku Tangier, m'dziko la Morocco. Adamwalira m'chaka cha 1990, ndipo m'chaka cha 1997 mbali yaikulu ya gulu lakelo idagulitsidwa pa okushoni, bokosi ili uku, bokosi ilo uko. Ngati za Forbes zidamwazikana, kabati yathu ndi chiyani? Ndife osunga chabe kwa kanthawi. N'chifukwa chake pansi pa gulu lililonse timaikapo kakhadi kolembedwa ndi dzanja: mzinda umene lidachokera, fakitale, zaka, njira imene lidapangidwira, anthu amene adaligwira ntchito, ndi chimene chidachitikira amuna enieni amene adavala yunifolomu imeneyo. Wodzalandira zidolezi ife titapita adzalandire pamodzi ndi makhadiwo.

Kwa inu makolo, tikudziwa kuti ambiri simudzagula msilikali wa mtovu wa zaka zana. Koma asilikali obiriwira a pulasitiki ali m'misika yathu yonse, mfuti zoseweretsa zimachuluka nyengo ya Khirisimasi, ndipo nkhondo zina ana amazimenya pa foni. Kuwaletsa kokha sikukwanira, chifukwa mwana woletsedwa mfuti ya m'sitolo amasema yake ya phesi la chimanga. Chimene chimathandiza ndi kukhala naye pansi pamene akusewera. Mutengereni chidolecho, muchitembenuze pamodzi, muwerenge dzina la dziko limene lalembedwa kunsi kwake, ndipo mumufunse kuti akuganiza kuti adachipanga ndani, ndipo adalipidwa zingati. Akandandalika magulu ake awiri, mumufunse amene akuwasenzera chakudya asilikaliwo, kumene kuli amayi awo, ndi mwini munda umene akumenyeranapowo. Ngati m'banja mwanu mudali wina amene adapita ku Karonga, ku Ethiopia kapena ku Burma, kaya ndi mfuti kaya ndi mtolo pamutu, mutchulireni mwanayo dzina lake madzulo amenewo.